Kusankha Kuwala Kumene Diso Lako Silikuona

Mukagula babu la LED pa msika wa Mitundu, kapena m'timashopu ta m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje, n'kulivula chipewa chake choyera chija, mupeza timadontho tachikasu titandandalikidwa pa kachitsulo. Chikasucho ndi utoto wongopaka pamwamba. Pansi pake pali kanyali kotulutsa kuwala kwa buluu. Utotowo umameza gawo lina la buluuyo n'kulavula chikasu, ndipo ziwirizi zikasakanikirana diso lathu limati kuwalako n'koyera. Kanyali ka buluu kowala mokwanira kanasautsa akatswiri zaka pafupifupi 30, mpaka Shuji Nakamura wa kampani ya Nichia ku Japan anakapanga mu 1993, pomwe Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano ku Nagoya nawonso anali kalikiliki ndi ntchito yomweyo. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Kanyali kameneka kali ndi mng'ono wake. Ndi katochi kapepo kamene ogulitsa ena amaunikira K5,000 pofuna kudziwa ngati ndi yeniyeni. Katochiko pakokha kamaoneka kofooka, koma kakangogunda pepala la ndalama zizindikiro zobisika zimayaka.

Tinyali tiwiriti, ka buluu ndi kapepo, ndi zida za luso lina limene kuno sitinalizolowere: kuunikira thanki yagalasi yosungiramo makorali amoyo. Ku Lilongwe kulibe nyanja ya mchere. Makorali apafupi nafe ali ku Mozambique, kuzilumba za Quirimbas kumpoto ndi ku Bazaruto kummwera, ndipo Mmalawi wamba amene anawaonapo amoyo mwina anawaonera kuseri kwa galasi ku uShaka Marine World ku Durban, tsiku lopuma kuntchito. Komabe lusoli limandigwira mtima, ndipo likutikhudza kuposa mmene munthu angaganizire, pakuti nsomba za m'nyanja yathu zili ndi maso oona kuwala komweko. Za izo tikambe tikatha za makorali.

Korali amaoneka ngati mwala kapena chitsamba, koma ndi nyama. Ndi khamu la tinyama tofewa tokhala pa chigoba cha laimu chimene timamanga tokha. M'minofu mwa tinyamati mumakhala ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, mamiliyoni ankhaninkhani, zimene akatswiri amazitcha zooxanthellae. Nderezi zimapanga chakudya kuchokera ku kuwala monga zimachitira zomera zonse, ndipo gawo lalikulu la chakudyacho zimapatsa mwini nyumba. Choncho nyali ya pamwamba pa thanki ndiyo nkhokwe ya korali. Mukaichepetsa amafa ndi njala pang'onopang'ono. Mukaichulutsa ndere zija zimayamba kutulutsa zinthu zowononga minofu, korali n'kuzilavula, n'kutsala woyera mbuu. Matanthwe ambiri a m'nyanja ya Indian anayera chotero mu 1998 madzi atatentha mopyola muyeso. M'thanki munthu angathe kuchititsa zomwezo ndi chala chimodzi pa foni yolamulira nyali.

Mmisiri wa lusoli amayamba n'kudziwa kuti madzi amasefa kuwala. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, ndipo mtundu uliwonse uli ndi utali wake wa funde umene amauyeza m'ma nanomita. Mu milimita imodzi muli ma nanomita 1,000,000. Kufiira kuli cha pa 620 mpaka 700, kubiriwira cha pa 530, buluu pa 450 mpaka 470, pepo pa 400 mpaka 430. Mukatsika pa 400 ndiye mwalowa mu UV. M'madzi oyera kufiira ndiko kumayamba kutha, moti pofika mamita 10 kumakhala kutatsala kochepa zedi. Chikasu chimatsatira. Buluu ndi pepo ndiwo amalowa pansi kwambiri, ndipo ndere za m'makorali zinazolowera chakudya chimenechi: chlorophyll wake amakoka kwambiri cha pa 440 mpaka 460, pamene utoto wina wotchedwa peridinin umatola kuyambira cha pa 470 kumka ku 550.

Osunga makorali a m'zaka za m'ma 1980 analibe zambiri zosankha. Ankagula machubu otchedwa actinic, otulutsa kuwala cha pa 420, amene poyamba anapangidwira makina okopera zikalata ndi ntchito zina za m'mafakitale, n'kuwaphatikiza ndi mababu a metal halide otentha kwambiri moti pankafunikanso makina oziziritsa madzi. Chimene chubu chatulutsa n'chomwecho, panalibe zonenerera. LED inasintha zonsezi chifukwa kanyali kalikonse kamatulutsa kachigawo kopapatiza ka utawaleza. Nyali monga Radion ya EcoTech Marine kapena Hydra ya AquaIllumination zili ndi magulu a tinyali, la UV, la pepo, la buluu wakuda, la buluu wowala, lobiriwira, lofiira ndi loyera, ndipo gulu lililonse limakwezedwa kapena kutsitsidwa palokha. Ufulu umenewu ndiwo unabala luso, ndipo ndi womwewonso umene waphetsa makorali ambiri m'manja mwa ongoyamba.

Mdani woyamba wa mmisiri ndi diso lake lomwe. Masana diso la munthu limamva kwambiri kuwala kwa pa 555, kobiriwira mopita ku chikasu. Mukatsika kufika pa 450, kuwala kwa mphamvu yofanana kumaoneka ngati magawo 4 okha pa 100. Pa 420 ndi gawo limodzi pa 250. Pa 400 ndi gawo limodzi pa 2,500. Taganizani zimenezo. Tinyali tapepo tingathe kukhala tikuthira mphamvu yochuluka m'thanki, mwini wake akungoona kachizimezime, n'kumadandaula kuti anamugulitsa chakufa. Wongoyamba amakweza mpaka diso lake likhutire, ndipo pofika pamenepo makorali a pamwamba pa miyala amakhala atapsa kale.

Alimi a fodya wa bale ku Mitundu amadziwa mbali imodzi ya nkhaniyi. Mlimi wozindikira sasankha fodya usiku pa nyali. Amadikira kuwala kwa masana pamthunzi wa chigafa, chifukwa nyali imasintha maonekedwe a tsamba, ndipo limene linaoneka lofiirira bwino usiku limakasanduka lina ku okushoni ku Kanengo. Koma mlimiyo ali ndi mwayi: akadikira kuti kuche, diso lake limanena zoona. Kwa mmisiri wa makorali sikucha. Pa pepo ndi pa UV diso lake limanama usana ndi usiku.

Ndiye amagula kapena kubwereka kachipangizo koyezera kuwala kumene zomera zimagwiritsa ntchito, kotchedwa PAR meter. Amakamiza m'madzi, pamchenga, pakati, m'makona, pansonga pa miyala, n'kulemba manambala pa chithunzi cha thanki yake, kuti adziwe korali uti akhala pati. Dzuwa la masana m'maiko otentha ngati lathu limapereka cha pa 2,000 pamwamba pa madzi. Osunga makorali ambiri amafuna 50 mpaka 150 kwa makorali ofewa, ndi 200 mpaka 400 kwa makorali a nthambi zolimba monga Acropora. Koma kachipangizoka nako kali ndi khungu lake. Kanapangidwa kuti kaziwerenga kuyambira 400 kulekeza 700, ndipo tambiri totsika mtengo timayamba kale kuchepetsa nambala pa pepo. Kuwala kwa 385 kapena 365 kumadutsa osawerengedwa bwino. Mboni ziwiri zimenezi, diso ndi chipangizo, zonse n'zoperewera mbali imodzimodzi, choncho mlandu umagamulidwa ndi mboni yachitatu, korali mwini wake, amene sayankha msanga.

Pa mabokosi a nyali zambiri pamalembedwa UV, koma mukafufuza mupeza kuti tinyalito ndi ta 395 kapena 405. Amenewo ndi malire a pepo ndi UV, ndipo ogulitsa amakonda dzina lachiwirilo poti limamveka lamphamvu. Mmisiri wodziwa amangodumpha dzina n'kufunsa nambala. UV weniweni ali patatu. UV-A ndi wa pa 315 mpaka 400, UV-B wa pa 280 mpaka 315 ndiye amene amawaula khungu, ndipo UV-C wa pansi pa 280 amapha maselo. Pamwamba pa thanki pangabwere UV-A yekha.

Ine ndimaona kuti ntchito yaikulu imagwiridwa ndi tinyali ta 405 mpaka 430, pamodzi ndi buluu wa pa 450 amene ali msana wa nyali yonse. Kuwala kumeneku chlorophyll amakudya bwino, ndipo kumadzutsa utoto wa makorali. UV weniweni wa 365 mpaka 385 ndi nkhani ina. Tinyali take n'todula, timakalamba msanga, ndipo ndere zimapindula nako pang'ono. Makorali a m'madzi osaya amachita kudziteteza ku UV ndi mankhwala a m'thupi mwawo otchedwa mycosporine, kusonyeza kuti kwa iwo ndi chinthu chopirira. Osunga makorali amakangana za UV ameneyu mpaka lero, ena akulumbira kuti amawonjezera utoto, ena akuti n'kutaya ndalama. Amisiri amene mathanki awo akhala zaka zambiri osagwa amathirako pang'ono, kapena osathira n'komwe.

Nanga pepo anthu amamufuniranji chonchi, poti buluu yekha angathe kudyetsa korali? Yankho ndi kukongola, ndipo apa ndi pamene lusoli limandidabwitsa kwambiri.

M'minofu ya makorali ambiri muli mapuloteni amene amameza kuwala kwa mtundu wina n'kutulutsa kwa mtundu wina. Woyamba wa banja limeneli anapezeka mu 1962, pamene Osamu Shimomura anamutulutsa mu kanyama ka m'nyanja kotchedwa Aequorea victoria ku Friday Harbor ku America. Anadzalandira Nobel mu 2008 limodzi ndi Martin Chalfie ndi Roger Tsien. Mu 1999 Mikhail Matz, Sergey Lukyanov ndi anzawo ku Moscow anapeza abale a puloteni ameneyu m'makorali, kuphatikizapo wofiira wochokera mu Discosoma, amene lero amagwiritsidwa ntchito m'malabotale padziko lonse poika chizindikiro pa maselo. Pansi pa nyali yoyera kuwala kwa mapuloteniwa kumamira m'kuwala kwina konse kobwerera kuchokera pa miyala ndi pamchenga, ndipo korali amangooneka wodera. Koma muunikireni ndi pepo wa 420. Diso lanu silimuona bwino pepoyo, choncho thanki imaoneka ngati ili m'chisisira. Puloteni uja akameza pepoyo amamubweza ali wobiriwira, cha pa 500 kapena 520, pafupi ndi pamene diso limamva kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti korali amaoneka ngati akuyaka yekha. Khungu lomwe lija limene limapusitsa wongoyamba, mmisiri amalisandutsa chida: amaunikira ndi kuwala kumene simukuona kuti muone chokhacho chimene korali wabweza.

Palinso makorali ena amene pepo amawasintha utoto kwamuyaya. Mu 2002, mu labotale ya Atsushi Miyawaki ku RIKEN ku Japan, kabotolo ka puloteni wobiriwira wochokera mu korali wotchedwa Trachyphyllia geoffroyi kanasiyidwa patebulo pomwe pankafika dzuwa, ndipo anakapeza katafiira. Anafufuza n'kupeza kuti kuwala kwa pa 350 mpaka 400 ndiko kumadula puloteniyo n'kumusandutsa wofiira. Anamutcha Kaede. Jörg Wiedenmann, amene tsopano ali ku yunivesite ya Southampton, anapeza wina wotere mu Lobophyllia, ndipo iye ndi Cecilia D'Angelo anasonyeza mu 2008 kuti kuwala kwa buluu ndiko kumachititsa makorali ambiri kupanga utoto wochuluka. Choncho amene akusunga Trachyphyllia wofiira ali ndi chifukwa chomveka choikira tinyali ta 395 kapena 405. Wosunga makorali opanda mapuloteni otere chifukwacho alibe. Nyali imodzi siyenerera mathanki onse, ndipo mmisiri amayamba wayang'ana chimene chili m'madzi asanayang'ane chimene chili m'sitolo.

Wofiira wa Discosoma uja ali ndi khalidwe lina. Amayaka bwino akamenyedwa ndi kuwala kobiriwira kwa cha pa 560. Ndiye munthu amene wazimitsa tinyali toyera ndi tobiriwira tonse kuti thanki yake ikhale ya buluu yekhayekha, monga yakhalira fashoni masiku ano, amataya gawo la kufiira kumene ankafuna. Mathanki oterewa ine sandisangalatsa. Nsomba zimaoneka ngati mizukwa, mchenga ngati wathiridwa inki, ndipo choopsa kwambiri, matenda ndi tizilombo todya makorali sizioneka. Mmisiri wabwino amasiya maola angapo a masana ali ndi kuwala koyera kokwanira kuti ayendere ziweto zake, pepo ndi buluu n'kutsala okha m'mawa ndi madzulo.

Zina n'za manja chabe. Kalenzi kapulasitiki ka pamwamba pa kanyali ka UV kamasanduka kachikasu kapena kupserera pakapita nthawi, choncho amafuna ka silicone kapena kagalasi. Chivindikiro cha thanki nacho chimasefa: galasi wamba limalola UV-A wambiri kudutsa, pamene mapulasitiki ena amamutsekereza, ndipo mchere wouma pa chivindikirocho umadya kuwala kwa mtundu uliwonse. Tinyali ta mitundu yosiyana tikatalikirana, pamchenga pamagwa mawangamawanga ovinavina, apa pepo apa chofiira, ndiye amatiunjika pamodzi kapena kukweza nyali kuti mitundu isakanikirane isanafike m'madzi. Amapewanso kuyang'ana tinyali tapepo mwachindunji, pakuti mwana wa diso sachepa pa kuwala kumene diso likukuyesa kofooka.

Chachikulu pa zonsezi ndi kudekha. Korali watsopano amaikidwa pansi, pamchenga, ndipo amakwezedwa pang'onopang'ono pa milungu ingapo. Nyali yatsopano imayambira pansi, mwina theka la mphamvu imene akufuna kudzafika, n'kumawonjezera pang'ono mlungu uliwonse. Maola ounikira amakhala 8 mpaka 12 pa tsiku, ndipo usiku uyenera kukhala usiku. Akasintha chinthu amasintha chimodzi, n'kudikira, chifukwa akasintha pepo ndi chakudya ndi mchere tsiku limodzi sadzadziwa chimene chathandiza kapena chapweteka. Kenako amawerenga. Korali wotuwa pamwamba pomwe pansi pake padakali utoto ndiye kuti kuwala kwachuluka. Woderako thupi lonse ndiye kuti ndere zachulukana, mwina poti kuwala kwachepa, mwina poti madzi ali ndi zotsalira zambiri za chakudya, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kumafuna kuyeza madzi. Tinyama tosatulutsa timanja take masana tikudandaula. Tina tikatalika makosi tikufunafuna kuwala. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa nkhonoyo imayankha pakatha mwezi, ndipo utoto weniweni wa korali pansi pa nyali yatsopano ungatenge miyezi ingapo kuti ukhazikike. Ngakhale magetsi akathima mmisiri sathamangira nyali. Makorali amapirira masiku angapo amdima, koma madzi akaima mpweya umatha m'maola ochepa, choncho batire limapita ku pampu.

Tsopano tibwerere kwathu. Mukachoka pa Nathenje, kudutsa mumzinda wa Lilongwe n'kutsetsereka ndi msewu wa ku Salima, mumakafika ku Kambiri Point pafupi ndi Senga Bay, kumene Stuart Grant anakhazikitsa ntchito yogwira ndi kutumiza kunja nsomba zokongola za m'nyanja yathu, ntchito imene anaiyamba m'zaka za m'ma 1970 n'kuigwira mpaka imfa yake mu 2007. Nsomba yotchedwa Aulonocara stuartgranti ili ndi dzina lake. Kambuna kena ka ku Taiwanee Reef pafupi ndi Chizumulu, kamene kakamuna kake ndi ka buluu ndipo kakakazi n'kachikasu, Ad Konings anakatcha saulosi mu 1990 polemekeza Saulos Mwale, Mmalawi wogwira nsomba pansi pa madzi amene ankagwira ntchito ndi Grant. Zidzukulu za nsomba zimenezi zili m'mathanki ku Germany, ku America ndi ku Japan, kawirikawiri m'sitolo imodzi ndi makorali, pansi pa nyali zosankhidwa ndi anthu amene Chizumulu sanamuonepo.

Mu 2000 Karen Carleton, Ferenc Hárosi ndi Thomas Kocher anayeza maso a mbuna yotchedwa Metriaclima zebra n'kupeza maselo omva kwambiri kuwala kwa pa 368. Umenewo ndi UV weniweni, umene kwa ife ndi mdima. Munthu ali ndi mitundu 3 ya maselo oonera utoto. Nsomba za banja la mbuna ndi chambo zili ndi mitundu 7 m'chibadwa chawo, ndipo mtundu uliwonse wa nsomba umagwiritsa ntchito makamaka 3 mwa imeneyi. Mbuna zambiri za m'miyala zinatenga gulu loyambira pa UV, zina loyambira pa pepo, pamene nsomba zambiri za pamchenga zinatenga la buluu, kubiriwira ndi kufiira. Madzi a Nyanja ya Malawi ndi oyera mokwanira kuti UV alowe, ndipo ofufuza anapeza kuti mbuna zoona UV zimagwira msanga tizilombo toyandama m'madzi UV akakhalapo, poti timaonekera bwino. Mamba a zazimuna zambiri amabwezanso UV. Ndiye kuti mbuna yaikazi ikamayang'ana yaimuna pa thanthwe ku Cape Maclear, imaona zokongoletsa zina zimene mlendo wovala magalasi osambirira sadzaziona.

Carleton ndi ophunzira ake ku yunivesite ya Maryland anasonyezanso mu 2017 kuti mbuna zazikulu zikasamutsidwa pakati pa kuwala kokhala ndi UV ndi kopanda UV, maso awo amasintha m'masiku owerengeka, kupendekera ku UV kapena ku pepo malinga ndi nyali imene yayatsidwa. Wosankha nyali ya thanki ya mbuna, kaya akudziwa kaya sakudziwa, akuumba diso la nsomba yake.

Koma asatengere nyali ya makorali n'kuipachika pa mbuna. Utoto wa mbuna suyaka wokha. Buluu wake amachokera ku timakristalo ta guanine ta m'khungu timene timabweza kuwala, ndipo chikasu ndi kufiira zimachokera m'chakudya. Nsomba ingabweze kuwala kokhako kumene yapatsidwa. Labidochromis caeruleus wachikasu wa ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay, mukamuika pansi pa buluu yekhayekha amazilala n'kuoneka wodwala. Mbuna zimafuna kuwala koyera kofanana ndi kwa masana, kothiridwa buluu ndi pepo pang'ono kuti zazimuna zinyezimire. Ndipo pano mlandu wa UV umatembenuka. Tinyali ta 405 tolembedwa UV tija timangokhudza pang'ono maselo a pa 368, choncho ngati cholinga n'chakuti nsomba ziziona monga kwawo, ta 365 mpaka 385 ndi timene tili ndi phindu, tomwe tija tinali tokayikitsa pa makorali. Ngakhale ndere zimene wosunga makorali amalimbana nazo tsiku ndi tsiku, wosunga mbuna amazisiya dala pa miyala, chifukwa nsomba zake ndi zopala ndere.

Ku Bunda, m'dera la Mitundu, nsomba zimawetedwa chifukwa cha ndiwo. Koleji imeneyi, yomwe inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ndipo tsopano ndi likulu la yunivesite ya LUANAR, ili ndi dipatimenti ya ulimi wa nsomba ndi madamu ake, ndipo mu 2016 inasankhidwa kukhala ndi likulu la AquaFish lophunzitsa akatswiri a nsomba a m'chigawo chino cha Africa ndi thandizo la World Bank. Nsomba za alimi athu ndi makumba, chambo, chilunguni ndi mlamba. Munthu angati nkhani ya pepo ilibe malo pamenepo, koma ilipo. Ofufuza anapeza kuti ana a Nile tilapia, msuweni wa makumba ndi chambo amene malamulo athu salola kuti aziwetedwa kuno, amayamba moyo ndi maso oona UV pa nthawi imene akudya tizilombo toyandama, kenako amasamukira ku pepo, n'kudzafika pa buluu, kubiriwira ndi kufiira akakula. Ana a nsomba a m'damu dzuwa limawapatsa zonse. Amene akuleredwa m'nyumba ya malata pansi pa babu loyera la LED sapeza UV, pakuti babu lotero silitulutsa kanthu kooneka pansi pa 420. Woweta amene akulera mbewu ya nsomba m'nyumba ali ndi funso lomwe lija la wosunga makorali, lakuti nyali wayatsayo wayatsira maso a ndani. Kwa mlamba yankho limakhala losiyaniratu: ana ake amakula bwino ndipo salumana kapena kudyana kwambiri akakhala mumdima, moti oweta odziwa amaphimba mathanki awo ndi pulasitiki wakuda.

UV-C uja, amene tinati alibe malo pamwamba pa thanki, malo ake ali m'paipi. M'nyumba zoswetsera mazira a nsomba, monganso m'mathanki a makorali, madzi amadutsitsidwa m'chibotolo chotsekedwa mmene muli chubu chotulutsa kuwala kwa pa 254, kumene kumapha tizilombo toyambitsa matenda ndi ndere zoyandama. Madzi ayenera kukhala atasefedwa kale, chifukwa matope amaphimba tizilomboto, ndipo ayenera kuyenda pang'onopang'ono mokwanira. Chubuchi chimafooka chikagwira ntchito maola pafupifupi 9,000, amene ndi chaka chimodzi chikamayaka usana ndi usiku, komatu chimapitiriza kuonetsa kuwala kwake kwa buluu pa kazenera ngati chatsopano, UV atachepa kale. N'chifukwa chake amisiri amalemba tsiku limene achiika pa chibotolocho ndi cholembera chosafufutika, ndipo chaka chikakwana amachichotsa chikadali kuyaka.